Kaofesi kothandiza ochotsedwa ntchito kufupi ndi Copacabana, ndinapitako

Ntchito yanga inatha mwezi wathawu, kampani ya ku Graniteside mu Harare komwe ndagwirako zaka 9 inachepetsa anthu, ife a kupakira katundu tinali oyamba kupita. Ndiye mlamu wanga amene ali ku Joni anandilimbitsa mtima kuti pitani ku NSSA, bungwe la boma loona za penshoni ya ogwira ntchito, mukalembetse, azikupatsani ndalama mwezi ndi mwezi mpaka mupeze ina, iyeyo akuti analandirapo ya UIF, ndalama ya ulova ya kumeneko, ntchito yake itatha. Ndinakhulupirira ndithu mpaka ndinauza mayi a kunyumba kuti lendi ya ku Mufakose isawadetse nkhawa.

Mnzanga wa kutchalitchi ndi amene anandilozera kaofesi aka, kali m'chipinda cham'mwamba pafupi ndi pokwerera makombi ku Copacabana. Amene amakhalamo ndi bambo achikulire ndithu, anagwirapo ntchito m'bungwe la ogwira ntchito, makolo awo kwawo ndi ku Dedza ndiye atangomva dzina langa anasiya Chishona nkuyamba Chichewa, mtima unakhala pansi pomwepo.

Chimene ndawakondera ndi choti sananditenge mozungulira. Anati achimwene, kuno ku Zimbabwe kulibe ndalama ya ulova ngati ya ku Joni ija. Kumeneko wantchito amadulidwa 1% ya malipiro, bwana amaikanso 1%, ntchito ikatha umalandira pakati pa 38% ndi 60% ya zimene unkalandira, koma ukasiya wekha sulandira. Kuno 4.5% imene NSSA imadula pa peyisilipu, bwana nkuwonjezera 4.5% yake, ndi ya penshoni, ya ulumali ndi ya amasiye ukamwalira basi, osati ya munthu wa zaka 41 wamphamvu zake ngati ine. Zinandipweteka kumva, ndinakhala chete kaye, koma bola kumva tsiku limenelo kusiyana ndi kutha ndalama za kombi sabata zitatu kulondola chinthu choti kulibe.

Kenako anatenga pepala nkuyamba kundiwerengera zimene ndiyenera kulandira kwa bwana, apa ndiye anachedwapo ndithu. Kontirakiti yanga inalibe tsiku lothera ndiye notisi yake ndi miyezi 3, akapanda kukupatsa notisi akulipire ndalama yake. Masiku a livi amene sunapite nawonso ndi ndalama, amawunjikana 30 pachaka mpaka kulekezera 90, ine ndinali ndi 44 osadziwa nkomwe kuti ndi kanthu. Palinso phukusi la retrenchment, ndalama imene amakupatsa akakuchotsa pochepetsa anthu, limene lamulo la Labour Act limakakamiza, amawerengera zaka zimene wagwira. Kalata imene kampani inandipatsa kuti ndisayine inalibe za livi zija, bambowo anati musasayine kaye, anandilembera kalata ina yaulemu koma yolimba yoti ndikapereke.

Za penshoni anandiuza kuti umafunika kusonkha miyezi 120 kuti uzilandira mwezi ndi mwezi ukafika zaka 60, ukapanda kukwanitsa koma wadutsa miyezi 12 amakupatsa kamodzi kokha basi. Ine ndili pa 108, ndiye akuti ntchito ina ikapezeka ndiwonetsetse kuti nambala yanga ya NSSA ndi yomweyo, ndiponso ndikafunse sitetimenti chifukwa mabwana ena amadula pa malipiro koma osatumiza. Anawonjezanso kuti antchito a m'nyumba ndi a m'galadeni sali m'ndondomekoyi, ndinakumbukira malume anga amene aphikira anthu ku Borrowdale zaka zambirimbiri, mtima unawawa.

Zovuta zilipo. Mipando ndi itatu yokha, ndinaima pamasitepe pafupifupi maola awiri, magetsi atazima pulinta inaima ndiye kalata ija ndinakasindikiza kwina. Komanso chipindacho ndi chaching'ono moti wa pambuyo pako amamva malipiro ako onse, zimenezo akonze ndithu, katani yokha ingathandize.

Ndinalipira madola 5 pa EcoCash, yotumizira ndalama pafoni ija, risiti anandipatsa. Mukamapita tengani chitupa, kontirakiti, mapeyisilipu atatu omaliza ndi kalata yochotsedwa ntchito, ndipo mulawire, ikamakwana 9 koloko mzere umakhala utafika kale pansi. Kampani ija inandiyimbira Lachinayi kuti za livi aziwonjezera.