Fanola No Yellow: shampu ya pepo yomwe imathana ndi chikasu chokha

Tsitsi lakuda likathiridwa bulichi siliyera nthawi imodzi. Limayamba kufiira, kenako limaoneka ngati dzimbiri, kenako chikasu, pomaliza chikasu chotumbuluka. Ambiri odaya tsitsi kunyumba amatsuka bulichi likadali pakati pa ulendowu, ndiye amathamangira shampu ya pepo poganiza kuti ikonza zonse. Fanola No Yellow, yochokera ku Italy, ndi imodzi mwa shampu zamphamvu za mtunduwu, koma ntchito yake ili ndi malire.

Musanaigule, tengani kalilole mutuluke panja masana. Magetsi a m'nyumba amanamiza. Ngati tsitsi lili lachikasu, pa levulo 9 kapena 10 malinga ndi kawerengedwe ka akatswiri (1 ndi lakuda bii, 10 ndi loyera kwambiri), shampuyi ikuthandizani, chifukwa pepo ndiye amazimitsa chikasu. Ngati lili la olenji (ngati dzimbiri), pa levulo 6 kapena 7, musavutike nayo. Pamenepo pafunika buluu, ndipo kampani yomweyi ili ndi ina yotchedwa No Orange. Kufiira kumazimitsidwa ndi utoto wobiriwira.

Shampuyi siyeretsa tsitsi. Mulibe peroxide, mankhwala oyeretsa tsitsi. Imangosiya utoto wa pepo pamwamba pa tsitsi, ndipo utotowo umachoka pang'onopang'ono mukamasamba.

Valani magolovesi, chifukwa imadetsa zikhadabo ndi zikhato. Yambani mwatsuka ndi shampu wamba kuti mafuta achoke, finyani madzi, kenako gawani tsitsi magawo anayi. Pakani kuyambira pomwe chikasu chachuluka, kawirikawiri pakati pa tsitsi, nsonga zibwere pomalizira. Ulendo woyamba mphindi imodzi kapena ziwiri zakwana. Musapyole zisanu. Kamodzi pa sabata n'kokwanira.

Nkhani ya nsongayi ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Nsonga ndi zakale, zapsa kangapo ndi mankhwala, choncho zimamwa utoto ngati chinkhupule. Mukapaka mutu wonse nthawi imodzi, kumizu kumakhalabe kwachikasu pamene nsonga zasanduka zotuwa kapena za pepo weniweni. Zikatero musathirenso bulichi. Tsukani kawiri kapena katatu ndi shampu yochotsa litsiro kwambiri, ngakhale ya mfundu imathandiza, ndipo pepoyo afwifwa. Ulendo wotsatira sakanizani theka Fanola, theka shampu wamba.

Vuto lake lenileni ndi kuumitsa tsitsi. Tsitsi lopotana limauma msanga kale, ndiye likabulitchidwa n'kukumana ndi shampuyi limakhakhala. Kondishina yolowerera ya mphindi 10 mpaka 15 isasowe nthawi iliyonse mwaigwiritsa ntchito. Ndipo ngati tsitsi linawongoledwa ndi relaxer, kulithira bulichi pofuna kufika pa levulo yoti shampuyi igwire ndi kuliika pangozi yothothoka.

Nanga tona, utoto wokonza mtundu wa tsitsi lobulitchidwa, monga Wella T18? Iyo imalowa mkati mwa tsitsi ndipo imakhalitsa. Amasakaniza gawo limodzi la tona ndi magawo awiri a developer ya 20 volume, yomwe ndi peroxide wa 6 peresenti, n'kuisiya osapyola mphindi 30, uku akuyang'ana pafupipafupi. Yesani kaye kumbuyo kwa khutu maola 48 musanapake mutu wonse. Nayonso imafuna chikasu chotumbuluka. Pa olenji imangosiya mtundu wa matope, ndipo developeryo amatha kuyeretsa pang'ono tsitsi lomera kumene n'kusiya mzere wofiirira kumizu.

Fanola No Yellow ndi yabwino posamalira mtundu womwe wafika kale pamalo pake, makamaka tona akayamba kusuluka patapita masabata angapo. Botolo limakhalitsa poti simuigwiritsa ntchito tsiku lililonse. Kwa amene tsitsi lawo latsala pa dzimbiri, njira ndi ziwiri: kulidetsa ndi dayi wa ash (wotuwirako ngati phulusa) wa levulo 6, kapena kudikira lipezenso mphamvu kaye asanaliyeretsenso.