Kuyamba ndi inshuwalansi kapena ndi dokotala? Kusaka katswiri wa nyamakazi ya ana ku America

Bondo la mwana likatupa kwa masabata 6 kapena kuposerapo, m'mawa n'kumadzuka miyendo itauma mpaka kutsimphina, madokotala amayamba kuganizira za nyamakazi ya ana, ija amati JIA, yomwe imayamba mwana asanakwanitse zaka 16. Apa makolo amagawikana: ena amayambira pa mndandanda wa madokotala wa kampani ya inshuwalansi, ena amayamba apeza kaye dokotala.

Mndandanda wa inshuwalansi ndi wachangu, koma ine sindiukhulupirira kwenikweni. Kawirikawiri umasakaniza madokotala a nyamakazi a akulu ndi a ana, ndipo mwina muli dzina la munthu amene anasamuka kalekale. Mumaimba foni n'kumva kuti kumeneko saona ana.

Njira inayo imatenga nthawi. Mumafunsa dokotala amene amaona mwana wanu nthawi zonse, kapena kufufuza pa tsamba la pa intaneti la American College of Rheumatology, bungwe la madokotala a nyamakazi. Vuto lake, akatswiriwa ndi ochepa, ambiri ali m'zipatala zikuluzikulu za ana, ndipo ma state ena alibe ndi mmodzi yemwe. Ndiye mukhoza kupeza dokotala wabwino koma wosakhala m'gulu la inshuwalansi yanu. Zikatero pemphani network gap exception: ngati pafupi palibe katswiri wawo, kampani imatha kuvomera kulipira wakunjayo ngati wawo.

Ngakhale zili choncho, ndimasankha njira yachiwiriyi. Mwana wa JIA amatha kutupa mkati mwa diso popanda kuwawa kapena kufiira, ndipo katswiri wa ana ndiye amakumbukira kumutumiza kwa dokotala wa maso pafupipafupi. Kuyenda mtunda wautali pa chifukwa chimenechi si kutaya nthawi.

Njira iliyonse imene mwatenga, kungofunsa kuti "mumalandira inshuwalansi yakuti?" sikokwanira. Tchulani dzina lenileni la pulani lomwe lili pakhadi, chifukwa kampani imodzi imatha kukhala ndi mapulani osiyana, monga HMO ndi PPO, ndipo HMO nthawi zambiri imafuna kalata ya dokotala wa mwana musanapite. Funsani kuchipatala, kenako imbiraninso kampaniyo. Labu ndi chipinda cholandirira mankhwala a dripu zimatha kukhala ndi bilu yakeyake, ndipo mankhwala a nyamakazi ngati adalimumab nthawi zambiri amafuna chilolezo cha kampani asanaperekedwe. Amene ali pa Medicaid ndi CHIP, inshuwalansi za boma zothandiza mabanja opeza zochepa, afunsenso ngati chipatala cha mu state ina chingalandire khadi lawo.