Phula, kandulo, sopo kapena silikoni: tipake chiyani ulusi wosokera pamanja?

Chofunda cha zigamba chimene ndinamaliza chaka chatha ndinachisoka pamanja chonse, ndipo zidutswa zake zinali zotsalira za zitenje zimene ndinkapempha kwa matelala a m'makonde pa boma la Mangochi. Ntchitoyi inatenga miyezi isanu, ndipo m'miyezi imeneyo ndinayesa chilichonse chimene anthu amati chimathandiza kuti ulusi usakolane. Zimene ndinapeza ndazilemba pano kuti anzanga osoka pamanja asataye nthawi ngati mmene ndinatayira ine.

Vuto lenileni limayambira pa mmene kusoka pamanja kumayendera. Nthawi iliyonse imene mwabaya singano n'kukoka, ulusi wonse wotsala umadutsa m'nsalu, moti chigawo chimene chili pafupi ndi singano chimakhala chitakhulika maulendo ambirimbiri musanafike kumapeto kwa msoko. Kukhulikako kumadzutsa tiubweya ta ulusi wa thonje, ndipo zala zathu zimapotoza singano pang'onopang'ono ife osadziwa, mpaka ulusi umadzipota wokha n'kumanga kamfundo pakatikati. Nsalu ya chitenje yatsopano imene sinachapidwe imakhala yolimba, ndipo mukasanjikiza nsalu zitatu, yapamwamba, yapakati ndi yapansi, ulusi umatha msanga kwambiri. Chopaka chilichonse chimayenera kugoneka tiubweya timeneti ndiponso kuchititsa kuti ulusi uzitsetsereka.

Ndiyambe ndi phula la njuchi, chifukwa ndi limene osoka nsapato akhala akupaka chingwe chawo kuyambira kale, ndipo ndi limene ndinakhazikika nalo. Phula limamata tiubweya ta ulusi n'kuulimbitsa pang'ono, kotero kuti supindikapindika, umalowa mosavuta m'bowo la singano, ndipo mfundo imene mwamanga kumapeto imagwira osamasuka. Limasungunuka likatentha kufika pa madigiri 62 mpaka 64, zomwe zikutanthauza kuti ngakhale mu Okutobala, pamene kuno kumatentha moti munthu sungaponde mchenga wa m'mbali mwa nyanja wopanda nsapato, phula limangofewa koma silisanduka madzi. Kufewako kuli ndi vuto lake: mukalisiya pawindo kapena pafupi ndi denga lamalata, limamata ulusi mochuluka, ndipo zotsalira zimaunjikana pa bowo loyamba la msoko ngati timadontho toyera, tomwe timaoneka kwambiri pa nsalu yakuda kapena yabuluu.

Njira yothetsera zimenezi ndi simbi. Ndimadula ulusi wokwanira ntchito ya tsiku lonse, ndimaukoka kawiri pa phula nditaupanikiza ndi chala chachikulu, kenako ndimauika pakati pa mapepala awiri oyera n'kudutsitsapo simbi yofunda. Phula limalowa mkati mwa ulusi, lotsala limamwedwa ndi pepala, ndipo mukakweza pepalalo mumaona timizere tamafuta pamene panagona ulusi. Ulusi woterowo umatuluka wosalala, wowongoka ngati udzu wouma, ndipo sumasiya kanthu pa nsalu. Pepala la nyuzipepala musagwiritse ntchito, chifukwa inki yake imasamukira pa ulusi. Ambiri amene amanena kuti phula limadetsa nsalu amakhala kuti sanasite ulusi wawo.

Phulalo liyenera kukhala loyeretsedwa. Ogulitsa uchi ambiri akafinya zisa amataya zotsalazo, choncho mukapempha sizivuta kupeza, koma zisa zotere zimakhala ndi uchi, zitsotso ndi tizidutswa ta njuchi. Ine poyamba ndinangoumba mpira n'kuyamba kupaka, ndipo patapita masiku atatu ndinapeza nyerere zitadzaza m'chitini cha ulusi, zina zitalowa mpaka m'zigamba zimene ndinali nditalumikiza kale. Choyenera kuchita ndi kuika zisazo m'madzi mu mphika wakale, kutenthetsa pa moto wochepa mpaka zitasungunuka, kusefa pa kansalu, n'kusiya kuti zizizire. Phula limayandama n'kuuma pamwamba ngati chikondamoyo, litsiro limakhala kunsi kwake ndipo mumalipala ndi mpeni. Mukabwereza kawiri limayera bwino. Musalitenthetse lokha pa moto wamphamvu popanda madzi, chifukwa limatha kuyaka. Kachidutswa kofanana ndi bokosi la machesi kangakutumikireni zaka.

Kandulo ndiyo imene anthu ambiri amathamangira, popeza m'nyumba iliyonse imapezeka chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi. Makandulo a m'magolosale amapangidwa ndi phula lochokera ku mafuta a pansi pa nthaka, ndipo khalidwe lake ndi losiyana ndi la njuchi: ndi louma, lothetheka, ndipo silimata. Mukakoka ulusi pa kandulo, phula lake limangokhala pamwamba, ndipo mukangosoka pang'ono limayoyoka ngati mfundu za m'mutu n'kutsalira pa nsalu, ulusi n'kubwerera mwakale. Kusita kumathandizako pang'ono, koma mfundo sizigwira mofanana ndi za ulusi wa phula la njuchi. Kandulo yoyera ndingailole posoka batani kapena pokonza mpendero wa siketi usiku pamene palibe china, koma yamtundu kapena yonunkhiritsa ndimaikana, chifukwa utoto ndi mafuta ake zimalowa m'nsalu.

Sopo wamtanda wouma, makamaka kachidutswa kotsalira kamene kauma mpaka kung'aluka, amachititsa ulusi kuterera bwino kuposa kandulo, ndipo ubwino wake waukulu ndi wakuti amachoka yense pa kuchapa koyamba. Pa chifukwa chimenechi ndimamukonda pa msoko wongogwirizira, uja timasoka motalikitsa kuti nsalu zitatu zisasunthe, umene timadzausolola pomaliza: ulusi wa sopo umasololoka mosavuta, pamene wa phula umakakamira. Koma sopo salimbitsa ulusi, ndipo amakoka chinyezi. M'nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene mpweya wa kuno pakati pa nyanja ya Malawi ndi ya Malombe umakhala wonyowa ndipo manja amachita thukuta, ulusi wa sopo umayamba kunanda, ndipo singano imene mwaisiya itabayidwa pa nsalu usiku wonse imatha kuchita dzimbiri n'kusiya banga. Mafuta odzola monga Vaseline asayandikire n'komwe ulusi, chifukwa amafalikira m'nsalu, amagwira fumbi, ndipo banga lake limavuta kuchapa.

Palinso zopaka za silikoni zimene zimabwera m'timabokosi ting'onoting'ono kuchokera kunja. Chotchuka kwambiri chinali Thread Heaven cha ku America, cha kabokosi kabuluu, chimene anasiya kupanga, koma zofanana nacho zikugulitsidwabe. Kamene ndinayesa ine anandibweretsera mchemwali wanga kuchokera ku Johannesburg. Silikoni salimbitsa ulusi ngati phula, amangoukuta ndi kachikopa kopyapyala koterera, sasiya zoyoyoka, sasintha mtundu wa ulusi, safuna simbi, ndipo kutentha kwa chilimwe sikumufewetsa. Mphamvu yake imaonekera pa ulusi wa poliyesitala, umene ndi wochuluka m'misika yathu. Ulusi umenewu ulibe tiubweya tambiri, koma m'miyezi youma ya mwera umadzimata pa nsalu ndi pa zala n'kumadzizunguliza wokha, ndipo phula silimwerera bwino mwa iwo chifukwa poliyesitala samwa kanthu ngati thonje. Pamenepo silikoni amaposa phula mosakayikitsa. Amaposanso pa ulusi wopetera maluwa, umene phula limauzimitsa kuwala. Chofooka chake ndi chakuti kutererako kumafika ndi pa mfundo, moti muyenera kubwereza kumanga kapena kubwerera m'mbuyo kawiri pomaliza msoko, apo ayi umamasuka pochapa. Ndipo kabokosiko kakatha, muyenera kudikira wina wapaulendo.

Njira yomaliza ndi kugula ulusi wokonzedwa kale. Makampani monga Gütermann ndi Coats amapanga ulusi wa thonje wosokera zofunda pamanja umene anaukuta kale kufakitale, ndipo mukaugwira umamveka wolimba ndi wosalala ngati kawaya kopyapyala. Umenewu sufuna chopaka chilichonse, ndipo kuupakanso phula ndi kungoulemeretsa pachabe. Pa mizere yooneka pamwamba pa chofunda, pamene ulusi umadutsa nsalu zitatu nthawi imodzi, palibe mwa zonse ndatchulazi chimene chimaupambana. Koma ndi wokwera mtengo, supezeka paliponse, ndipo suyenera kuikidwa m'makina osokera, chifukwa chokutiracho chimapalika n'kutsalira m'malo amene ulusi umapanikizidwa. Chenjezo lomweli likukhudzanso ulusi wopaka phula, ndipo telala amene mwabwereka makina ake sangakukhululukireni.

Poyerekeza zonsezi ndinazindikira kuti poyamba ndinkaimba mlandu zopaka pamene wolakwa anali utali wa ulusi wanga. Pofuna kupewa kulowetsa ulusi m'singano pafupipafupi, ndinkadula wautali kuposa mita, ndipo unkakolana kaya ndapaka phula, kaya sopo, kaya silikoni. Nditayamba kudula wa masentimita pafupifupi 45, womwe ndi mkono umodzi kuchokera kunsonga ya chala mpaka pachigongono, ndiponso kusiya singano ilendewere nthawi ndi nthawi kuti ulusi upotoloke wokha, m'pamene kusiyana kwa zopakazi kunaoneka bwino. Kukula kwa singano nakonso n'kofunika, popeza singano yaing'ono kwambiri imaboola kabowo kopanikiza kamene kamapala chopaka chonse pa kubaya koyamba.

Pa chofunda chimene ndayamba tsopano, polumikiza zigamba ndi ulusi wa thonje ndikugwiritsa ntchito phula la njuchi loyeretsa ndi kusita, pogwirizira nsalu zitatu ndikupaka sopo, ndipo ulusi wokutidwa kale ndausungira mizere yapamwamba yokha, chifukwa ndili ndi mpukutu umodzi basi. Silikoni wotsalayo ndimamutulutsa ndikakakamizika kusoka ndi poliyesitala chifukwa chosowa thonje la mtundu woyenera. Phula ndimalisunga m'kachitini kotseka bwino, pansi pa bedi pamene pamazizirirapo, ndipo kandulo ndinaibwezera pa shelefu pafupi ndi machesi.