Mapiritsi a Minirin pa vuto la kukodza pogona: amagwiradi, koma chenjerani ndi thobwa la usiku

Ikafika June ndi July kuno ku Dedza, bulangete lonyowa usiku limatha kukhala pachingwe tsiku lonse osauma chifukwa cha nkhungu. Ndi nyengo yomwe makolo a ana okodza pogona amayamba kufunsa ngati pali mankhwala. Alipo. Dzina lake ndi desmopressin, ndipo pa botolo mumapeza nthawi zambiri dzina lamalonda loti Minirin, la kampani ya Ferring, kapena DDAVP. Mwa mankhwala onse a vutoli, awa ndi omwe amagwira msanga, koma sachiza, ndiponso akhoza kuvulaza mwana ngati pakhomo sasamala za madzi akumwa.

M'mutu mwa munthu, pansi pa ubongo, mumatuluka homoni yotchedwa vasopressin imene imauza impso kuti zibweze madzi m'magazi m'malo mowataya mu mkodzo. Usiku homoniyi imayenera kuchuluka, n'chifukwa chake munthu amagona mpaka m'mawa osadzuka. Ana ena usiku satulutsa yokwanira, impso zimapanga mkodzo wochuluka kuposa momwe chikhodzodzo chingasungire, tulo n'kukhala tolemera, mphasa n'kunyowa. Desmopressin ndi homoni yomweyo yopangidwa ku fakitale, yokonzedwa kuti ikhalitse m'thupi maola 8 kapena kuposerapo. Ntchito yake ndi yomweyo basi: kuchepetsa mkodzo wa usiku umenewo. Mwana amene vuto lake ndi chikhodzodzo chosachedwa kudzadza, yemwe masana amathamangira kuchimbudzi pafupipafupi kapena kudontheza m'kabudula, sapindula kwenikweni.

Pali njira yodziwira kunyumba komwe ngati mwana wanu ndi woyenera. Onjezani 1 pa zaka zake, muchulukitse ndi 30, mupeza mamililita omwe chikhodzodzo chake chiyenera kusunga. Wa zaka 8 ndi 270. Kenaka kwa masiku angapo mudzutseni kawiri usiku akodzere m'kachitini, muphatikize ndi mkodzo woyamba wa m'mawa, muyeze ndi botolo la madzi la 500 ml. Ukapitirira 350 ml pa mwana wa zaka 8, mkodzo wa usiku ndi wochulukadi ndipo mapiritsiwa ali ndi mwayi waukulu wogwira.

Musanagule chilichonse pitani naye kuchipatala akayeze mkodzo ndi shuga, ndipo apa tikulimbikira chifukwa cha dera lathu lino. Mwana amene amasamba m'madambo a ku Bwanje, kapena ku Golomoti ndi Mtakataka kufupi ndi nyanja, akhoza kukhala ndi likodzo, lomwe limatupitsa chikhodzodzo ndipo mankhwala ake ndi praziquantel. Mwana amene anasiya kale kukodza pogona n'kuyambiranso, akumva ludzu kwambiri komanso akuwonda, ameneyo ganizirani shuga ndipo musagone naye pakhomo. Matenda a sickle cell amalepheretsa impso kusunga madzi. Kudzimbidwa nako anthu amakupeputsa: chimbudzi chouma chikadzadza m'matumbo chimapanikiza chikhodzodzo, ndipo ana ena amasiya kunyowetsa akangoyamba kuchita chimbudzi chofewa tsiku lililonse. Zonsezi Minirin sazikhudza n'komwe.

Mitundu yake ilipo itatu. Mapiritsi omeza ndi a 0.1 mg ndi 0.2 mg. Pali osungunuka pansi pa lilime, olembedwa Melt, a mamaikulogalamu 60, 120 ndi 240, omwe safuna madzi omezera. Manambala a mitundu iwiriyi safanana, piritsi lomeza la 0.2 mg limalingana ndi losungunuka la 120, choncho a ku famase akakusinthirani mtundu afunseni akulembereni mlingo watsopano. Wachitatu ndi wopopera m'mphuno. Umenewu musaulole pa mwana wokodza pogona. Mu 2007 mabungwe oyang'anira mankhwala ku America ndi ku Britain anauchotsa pa ntchito imeneyi chifukwa ana ambiri omwe anakomoka ndi mankhwalawa ankagwiritsa ntchito wa m'mphuno, womwe nthawi zina umakhalitsa m'thupi kupyola muyezo.

Mwana wosakwana zaka 5 sapatsidwa, ndipo madokotala ambiri amadikira mpaka zaka 7, poti pa zaka 5 ana pafupifupi 15 mwa 100 alionse amakhala akunyowetsabe ndipo chaka chilichonse ena amasiya okha. Woyamba amamwa 0.2 mg ola limodzi asanagone, osati pamodzi ndi nsima chifukwa chakudya chimachepetsa mankhwala olowa m'magazi. Asanakwere pamphasa akodze. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri popanda kusintha, a dokotala amakweza kufika 0.4 mg. Mwezi ukatha palibe ngakhale kuchepa kwa masiku onyowetsa, palibe chifukwa chopitirizira kuwononga ndalama. Akamagwira, mwana amamwa miyezi 3 kenaka n'kupumira sabata imodzi kuti muone ngati vuto latha lokha. Lembani pa kalendala masiku owuma ndi onyowa, chifukwa m'mutu zimasokonekera.

Tsono za madzi. Kuyambira ola limodzi asanamwe piritsi mpaka maola 8 atamwa, mwana asamwe kanthu kupatula pang'ono pomezera, ndipo madzulo onsewo isapitirire kapu imodzi ya 200 ml. Chifukwa chake n'chakuti mankhwala atseka potulukira. Madzi olowa alibe kopita, amasungunula mchere wa sodium m'magazi, ndipo ubongo umatupa. Zizindikiro zake ndi mutu, nseru, kusanza, kusokonezeka, kenaka kukomoka monjenjemera ngati wakhunyu. Mukaona izi siyani mankhwala, thamangirani kuchipatala ndi botolo lake m'manja kuti akayeze sodium. Madzi tikunenawa si a m'ndowa okha ayi. Thobwa, tiyi wotenthetsa thupi pa chisanu, Sobo, phala lamadzimadzi, mizimbe, zonsezi zimawerengedwa. Agogo amene amasungira mdzukulu chikho cha thobwa cha usiku auzidwe bwinobwino, mwaulemu koma mosabisa, chifukwa ngozi zambiri zimachitika pamene m'modzi pakhomo akudziwa lamuloli wina sakulidziwa. Tsiku la ukwati, la chinkhoswe kapena la mpira wamadzulo pomwe mwana wamwa zambiri, piritsi lidumphidwe usiku umenewo. Kuchapa bulangete n'kopepuka. Chimodzimodzi akamasanza, akatsegula m'mimba kapena akadwala malungo, poti pamenepo ayenera kumwa madzi ndi Thanzi ORS mosaletsedwa.

Masana amwe madzi okwanira, makamaka m'mawa ndi kusukulu, kuti madzulo asakhale ndi ludzu. Ndiwo zamadzulo zamchere wambiri, monga usipa wouma wokoleretsa kwambiri, zimabweretsa ludzu komanso zimachulukitsa mkodzo. Auzeni a dokotala ngati mwana akumwa carbamazepine wa khunyu, ibuprofen, indomethacin, amitriptyline kapena loperamide, chifukwa onsewa amawonjezera chiopsezo cha madzi kudzadza m'thupi. Odwala mtima, impso, ndi omwe amamwa mapiritsi okodzetsa sayenera kugwiritsa ntchito desmopressin.

Nanga zotsatira zake? Mwa ana 10, pafupifupi atatu amasiyiratu kunyowetsa pomwe akumwa, anayi amachepetsa, otsalawo sasintha. Chokhumudwitsa n'chakuti ambiri amayambiranso akangosiya, ngakhale kuchepetsa mlingo pang'onopang'ono m'malo mosiya kamodzin'kamodzi kumathandizako. Pomwe mankhwalawa amaposa china chilichonse ndi pa mwana wamkulu amene akupita ku sukulu yogonera konko, ku msasa wa achinyamata a mpingo kapena kukachezera achibale, chifukwa amagwira usiku woyamba womwewo. Yesani kaye kunyumba sabata ziwiri ulendo usanafike kuti mlingo udziwike. Kabelu kolira mwana akangoyamba kunyowetsa kamachiza mokhalitsa kuposa mapiritsi, koma kamafuna miyezi iwiri kapena itatu ya makolo kudzuka usiku, ndipo m'nyumba yogona ana anayi chipinda chimodzi n'kovuta. Imipramine, omwe ena amalemberabe, ndi oopsa ku mtima mwana akamwa ochuluka mwangozi. Kumenya mwana kapena kuyanika mphasa yake pamaso pa anzake sikusintha kalikonse pa impso zake, ndipo kawirikawiri mukafufuza mupeza kuti bambo, mayi kapena amalume ake nawonso ankatero ali ana, chifukwa vutoli limayenda m'magazi.

Desmopressin amaperekedwanso pa matenda ena otchedwa diabetes insipidus, koma nkhani yake ndi ina, ndipo apa mankhwalawa ndi ofunikira kwambiri. Dzinalo lisakusokonezeni, si shuga, ndipo poyeza shuga amapezeka ali bwinobwino. N'chifukwa chake mu 2022 akatswiri anagwirizana zoyamba kuwatchula kuti arginine vasopressin deficiency, kutanthauza kuchepa kwa homoni ija ya vasopressin. Wodwala amakodza malita opitirira 3 pa tsiku, ena mpaka 10 kapena 15, mkodzo woyera ngati madzi a pa mjigo, ndipo ludzu silitha usana ndi usiku. Amayamba munthu akavulala m'mutu, monga pa ngozi ya njinga yamoto, akachitidwa opaleshoni ya ubongo, akakhala ndi chotupa pansi pa ubongo, kapena TB ikafika m'mutu. Sungani mkodzo wa maola 24 m'zigubu za malita 5 mupite ndi chiwerengerocho kuchipatala cha boma ku Dedza kapena ku Ntcheu, komwe angakutumizeni ku Kamuzu Central ku Lilongwe kukayezetsa mozama. Wamkulu amayamba ndi 0.1 mg katatu pa tsiku, ndipo mlingo umasinthidwa malinga ndi mkodzo, pakati pa 0.2 mg ndi 1.2 mg pa tsiku. Kwa odwala amenewa wopopera m'mphuno ndi wololedwa, ngakhale chimfine chimasokoneza kalowedwe kake. Lamulo lawo ndi kumwa pokhapokha ludzu lawagwira, osati mwachizolowezi cha kale. Akagonekedwa kuchipatala pa matenda ena, owadikirira anene msanga kuti mankhwalawa asadumphidwe, chifukwa wodwala amene sangathe kudzitungira madzi amauma thupi m'maola ochepa. Ngati vuto lili mu impso zomwe sizikumvera homoniyo, monga zimachitikira ena omwe amamwa lithium, desmopressin sathandiza.

Pogula, pitani ndi chikalata cha a dokotala ku famase yovomerezeka ndi PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, osati pamsika. Imbani kaye foni musanakwere minibasi ya ku Lilongwe, mufunse mtundu ndi mphamvu yomwe ali nayo. Werengerani ndalama bwino: botolo la mapiritsi 30 a 0.2 mg ndi la mwezi umodzi, koma mlingo ukakwera kufika 0.4 mg limatha m'masiku 15. Wa diabetes insipidus aitanitse ena akatsala ndi a sabata ziwiri. Mapiritsiwa amadana ndi chinyezi, choncho asachotsedwe m'botolo mwake kuikidwa m'kapepala ka pulasitiki, ndipo chivindikiro chitsekedwe zolimba. Osungunuka aja ndi ofewa, amatsegulidwa posenda pepala lake ndi manja owuma, osati kuwakankha ndi chala. Mitundu ina ya m'mphuno imafuna firiji, werengani pa katoni musanalipire ngati kwanu magetsi kulibe.