Chigubu cha malita 20 chokhala ndi kampopi: ndi cholimba, koma kampopiko musakadalire

Patatha miyezi isanu ndi itatu chikugwira ntchito, chigubuchi sichinang'ambike kapena kupindika. Pansi pake pali nambala 2 m'kachizindikiro ka makona atatu ndi zilembo HDPE, zosonyeza mtundu wa pulasitiki yake, komanso panalembedwa kuti ndi chosungira zakudya. Muziona zimenezi musanagule chigubu chilichonse. Mtundu wake ndi wabuluu wodera, kuwala sikulowa kwenikweni, ndiye ndere sizimera msanga ngati m'zigubu zoonekera mkati.

Vuto lili pa kampopi. Kali ndi labala yopyapyala yomwe imapindika mukamanga mwamphamvu, ndipo ikapindika madzi amayamba kudontha pang'onopang'ono, usiku umodzi pansi ponse pachita chinyezi. Mangani ndi dzanja mpaka pamene kayamba kulimba, musagwiritse pulayala. Posunga, chigubu chiime chilili, pakamwa mutseke ndi chitsekero wamba, kampopiko kakhale m'kapepala ka pulasitiki koyera. Mukamange tsiku limene madzi asiya, kenako mugoneke chigubucho patebulo lolimba. Kumbuyo kuli kachitsekero kena kakang'ono kolowetsera mpweya. Mukaiwala kukatsegula madzi amatuluka modukiza ndipo mbali za chigubu zimalowa mkati. Ambiri amati kampopi katsekeka pomwe vuto ndi limeneli.

Chikadzadza chimalemera makilogalamu oposa 20. Chogwirira ndi chabwino, koma si katundu wotuma mwana. Musasanjikize, chapansi chimafufuma.

Chimodzi sichikwanira, ndipo apa mpomwe anthu amadzinamiza. Werengerani malita 4 pa munthu aliyense patsiku, akumwa, ophikira ndi osamba m'manja. Banja la anthu asanu limatha chigubu chonse tsiku limodzi, choncho pa masiku atatu pakufunika zitatu. Ngati m'nyumba muli mayi woyamwitsa kapena wodwala, kapena kunja kukutentha kwambiri, onjezerani.

Pakamwa ndi pang'ono, dzanja sililowa. Kutsuka kumavuta, inde, koma ine ndimaona kuti ndi ubwino: palibe amene angaviikemo kapu kapena dzanja, ndipo madzi osungidwa amaipa kawirikawiri m'njira imeneyo. Katsukidwe kake: sopo ndi madzi choyamba, tsukuluzani bwino, kenako thirani lita imodzi ya madzi yosakaniza ndi supuni imodzi yaing'ono ya klorini wamadzi woyeretsera zovala, wa mphamvu ya 5 mpaka 9 peresenti, wopanda zonunkhiritsa. Tsekani, khutchumulani kuti afike paliponse, dikirani masekondi 30, khuthulani n'kusiya chiume. Kampopi ndi labala yake muziviikenso m'madzi omwewo, chifukwa litsiro limabisala m'mizere yomangira.

Madzi a pampopi omwe anathiridwa kale klorini mungodzadza n'kutseka. Ngati gwero lake mukulikayikira, thirani madontho awiri pa lita, kutanthauza theka la supuni yaing'ono pa chigubu chonse, sakanizani, dikirani mphindi 30. Fungo la klorini lizimveka pang'ono. Madzi amatope yambani mwawadikhitsa ndi kuwasefa pansalu yoyera, ndipo muyeso wa klorini ukhale kawiri. Botolo la klorini likakhalitsa limatha mphamvu, musadalire lakalekale.

Lembani tsiku lodzadza pa chigubupo, ndipo madziwo muzisintha miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Malo osungira akhale ozizira, amdima, kutali ndi petulo, palafini ndi mankhwala ophera tizilombo, chifukwa fungo lake limatha kudutsa pulasitiki. Madzi okhalitsa amamveka ozizira mkamwa ngati opanda kukoma, koma sikuti aonongeka. Akhuthulireni uku ndi uku m'ziwiya ziwiri zoyera kangapo, mpweya ukalowa amabwerera mwakale.

Ndikuchipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Yachisanuyo yachoka chifukwa cha labala ya kampopi, ndipo opanga akanachita bwino kuikamo ina yapadera.