Malo osungirako achikulire a msewu wa ku Monkey Bay: chisamaliro chilipo koma mtengo si wa papepala uja

Kwa amene mukuganiza zopezera kholo lanu malo okhala atapuma ntchito, ndikuuzeniko za malo ena ali mumsewu wa ku Monkey Bay mukangochoka pa boma pa Mangochi, komwe akukhala azakhali anga. Dzina sinditchula poti ndili ndi madandaulo angapo. Ndikudziwa ena ayamba kale kunena kuti ife Amalawi sititaya makolo, chabwino, koma kuno ku Mangochi tayendani m'midzimu muone, anyamata ambiri ali ku Joni, ana a azakhaliwa nawonso ali komweko amangotumiza ndalama pa Mukuru, ndiye ndalama payokha singatunge madzi kapena kukumbutsa munthu kumwa mankhwala a BP.

Malowo ndi aukhondo, izi ndisabise. Aliyense ali ndi chipinda chake, neti pabedi, bafa lili ndi chogwirira, ndipo amayi amene amasamalira anthu kumeneko ndi aulemu zedi, sungamve akuitana munthu ndi dzina, ndi "agogo" kapena "anganga" basi. Nyama amagula ya halaal chifukwa ambiri okhalamo ndi Asilamu, Lachisanu amawaperekeza ku mzikiti, Lamlungu ena kutchalitchi. Ndiwo ndi usipa, utaka, nyemba, masamba, chambo chimaoneka mwa apo ndi apo, musanamizidwe ndi zithunzi.

Pa ndalama ndi pamene pali nkhani. Pepala limene amakupatsa poyamba lili ndi mtengo umodzi wa pamwezi, ndipo ukauona umati aaa si zambiri izi, koma mtengowo ndi wa chipinda, chakudya ndi kuchapa basi. Usanalowe pali ndalama yolowera yomwe sibwezedwa, kenako dipoziti ya miyezi itatu yomwe akuti amabweza munthu akatuluka koma atachotsapo zopentera chipinda ndi zina zomwe aona okha. Matiresi, mabulangete, fani, zonse ubwere nazo, ndipo fani ku Mangochi mu Okutobala si chinthu chongosangalatsa ayi, munthu wamkulu akhoza kukomoka ndi kutentha kuja. Magetsi akathima amayatsa jenereta ndipo ya mafuta mumagawana onse pa bilu ya mwezi umenewo.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi nkhani ya magulu. Munthu akamalowa akuyenda yekha, kusamba yekha, amamuika m'gulu lotsika mtengo. Azakhali anagwa kubafa mwendo n'kutupa, kwa masabata angapo ankafuna wowasambitsa ndi wowagoneka, bilu yotsatira inabwera atawakweza gulu osatiuza n'komwe, ndipo atachira kuti awabwezere kunali kukokanakokana. Pamwamba pake matewera a akuluakulu ugule wekha, mankhwala a shuga ndi BP akasowa kuchipatala cha boma ukagule ku famase, galimoto yopita kuchipatala pa boma ulipire, akakutumizani ku Zomba Central kapena ku Queens ku Blantyre ndiye hayala yake mudziwa nokha, kuphatikizapo ya wodikirira odwala chifukwa antchito awo sagona kuchipatala. Nesi amabwera masiku ena okha pa sabata, usiku kumakhala osamalira wamba.

Ndiye muwerengere bwino penshoni ya kholo lanulo. Azakhali anali mphunzitsi, anapuma atakwanitsa zaka 60 ngati mmene zimakhalira m'boma, gratuity yawo (ndalama ija amakupatsa kamodzi ukamapuma ntchito) theka inathera kumalizitsa nyumba ku Namwera, yotsalayo ndi imene inalipira zolowera. Penshoni ya pamwezi ija siikwana, renti ya nyumba ija komanso ndalama ya ku Joni ndi zimene zimatseka dzenje. Amene anagwira m'makampani nawonso musadalire kwambiri, lamulo lokakamiza penshoni lija linayamba mu 2011, wantchito 5 peresenti bwana 10 peresenti, ndiye munthu amene akupuma pano wasonkha zaka zochepa chabe. Komanso kwacha yathuyi, mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, malo ngati amenewa amakweza mtengo chimanga ndi mafuta zikangokwera pomwe penshoni imayenda ngati nkhono. Mu mgwirizano wawo analemba kuti akhoza kukweza atakudziwitsani mwezi umodzi, malire ake sanalembe. Za Mtukula Pakhomo musaziike m'masamu amenewa, ija ndi ya mabanja ovutikitsitsa ndipo singalipire ngakhale sabata imodzi kumeneko.

Kodi kulemba munthu wowasamalira kunyumba sikutchipa? Ngati kholo lili ndi mphamvu komanso pali wachibale wapafupi woyang'anira, inde kumatchipa. Ife tinayesa, mtsikana woyamba anachoka nthawi yokolola osatsanzika, wachiwiri shuga ndi sopo zinkangosowa, ndipo azakhali ankakhala okhaokha tsiku lonse. Kumalo kuja ali ndi anzawo ocheza nawo pakhonde, anenepako, pamenepo ndiye sindingatsutse.

Mukapita kukaona malowo musakhutire ndi pepala loyambalo, pemphani mgwirizano wonse mukawerengere kunyumba, ndipo afunseni akulembereni mtengo wa gulu lililonse, amene amaganiza zokweza munthu gulu ndi ndani, komanso zimakhala bwanji munthu akagonekedwa kuchipatala mwezi wathunthu chifukwa ife tinamva kuti chipinda umalipirabe chonse. Funsaninso za maliro ngakhale ndi zovuta kuzitchula pamaso pa kholo lanulo, iwo udindo wawo umathera pokuimbirani foni. Kulipira amalola Airtel Money ndi Mpamba koma muziumirira lisiti ya pepala. Ine ndawapatsa nyenyezi zitatu pa zisanu, ziwiri zachoka chifukwa cha bilu ija.