Kugula ma Treasury Bill kudzera kubanki kuno ku Zomba

Nditalandira ndalama zanga za penshoni, sindinafune kuzisiya mu akaunti wamba. Chiwongoladzanja chake n'chochepa, pomwe ufa, sopo ndi feteleza zikungokwera mtengo mumsika wa Zomba, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Mayi amene anandithandiza panthambi ya banki m'tauni muno ndimawayamikira kwambiri. Anatenga pepala n'kundilembera bwinobwino: ukagula Treasury Bill, ndiye kuti wakongoza boma ndalama zako kwa masiku 91, 182 kapena 364, ndipo banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank, ikakweza chiwongoladzanja, monga inachitira mu 2024 pochifikitsa pa 26 peresenti, phindu la ma Treasury Bill nalonso limakwera. Sanandibisire kuti paphindupo pamadulidwa msonkho. Anatinso, "Bambo, mitengo ya zinthu ikathamanga kuposa chiwongoladzanjachi, ndalama yanu ichuluka papepala pokha." Chilungamo chimenechi n'chomwe chinandikopa.

Chondidandaulitsa ndi mzere. Kumapeto kwa mwezi, aphunzitsi, apolisi ndi asilikali a ku Cobbe Barracks akalandira, umaima mpaka miyendo kuwawa. Ukafunsa za masheya, amangoti ukafunse ku Blantyre. Pitani pakati pa mwezi, ndipo musaiwale chiphaso cha unzika.